Mtapo ndi Moto: Mbiri ya Josiah Wedgwood

M'midzi yozungulira Chipata kuumba ndi nchito ya akazi kuyambira kale lomwe. Mai amakumba mtapo kudambo, naumba mphika kapena mtsuko ndi manja, nauocha pabwalo ndi nkhuni. Koma moto wotere suyesedwa: ukakula mbiya zing'aluka, ukacepa zituluka zosapsya. Bvuto lomweli linasautsanso oumba a ku England, ndipo mmodzi wa iwo analimbana nalo moyo wace wonse.

Munthuyo ndiye Josiah Wedgwood, amene anabadwa m'caka ca 1730 ku Burslem, m'banja la oumba. Ali mnyamata anadwala nthomba, ndipo bondo lace linafoka kotero kuti sanathe kuponda njinga youmbira. Popeza mwendo unamkana, anagwiritsa nchito mutu. Anayesa madothi a mitundu-mitundu, nalemba m'buku zotsatira zace zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

M'caka ca 1759 anayamba nchito yaceyace. Mbale zace zoyera zinakondweretsa Mfumukazi Charlotte, nazilola kuchedwa Queen's Ware. Mu 1769 anatsegula fakitale yaikuru ya Etruria, m'mene anagawa nchito: wina kuponda dothi, wina kuumba, wina kuocha, winanso kulemba maluwa, kuti yense akhale katswiri pa mbali yace. Poona kuti akavalo anali kuswa katundu m'njira zoipa, analimbikitsa anzace kukumba ngalande ya Trent and Mersey, imene inatha mu 1777, ndipo mbale zinayamba kuyenda m'ngalawa.

Za moto sanaiwale. Mu 1782 anaonetsa cipangizo coyesera kutentha kwa ng'anjo. Anali kuikamo tinthu tating'ono tadothi, ndipo poona m'mene tafupikira anadziwa ukali wa motowo. Wedgwood anamwalira mu 1795, koma dzina lace likali kulembedwa pansi pa mbale.

Kodi nzeru yotere ingamere kuno kwathu? Inde, pakuti ku Dedza, m'Malawi, fakitale ya Dedza Pottery inayamba mu 1987, niumba makapu ndi mbale zonyezimira ndi dothi la m'dziko lomwelo.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, musanyoze mai woumba poyesa kuti nchito yeniyeni ndi ya cholembera cokha. Iye adziwa mtapo koposa inu. Inu mudziwa kuyesa ndi kulemba. Wedgwood anapambana cifukwa anaphatikiza ziwirizi.