Makalata a Ogula Akutali

Makolo athu adati malonda ndi m'maso, ndipo sadaname, pakuti wogula nsalu pamsika amaikhudza ndi manja ake, naiyang'anitsa padzuwa, nafunsa mwini wake kufikira mtima utakhala pansi. Koma kuyambira tsiku lija anthu adayamba kugulitsa katundu kwa ogula amene sadawaonepo nkhope, padabadwa ntchito ina yolemetsa, ndiyo yoyankha munthu amene ndalama ali nayo m'manja koma akali kukayika.

Ntchito imeneyi siidadze ndi intaneti ai. M'chaka cha 1861, ku Newtown m'dziko la Wales, Pryce Pryce-Jones, poona kuti positi yatsika mtengo ndi kuti njanji yafika kwawo, adayamba kugulitsa nsalu zaubweya mwa makalata, ndipo mbiri yake idamveka mpaka kwa Mfumukazi Victoria, amene adakhala mmodzi wa ogula ake. Komatu kumene malondawa adakula ndi kubala zipatso zochuluka ndi ku America, dziko la alimi okhala motalikirana, amene sitolo yawo inali imodzi, ndipo mwini wake ankatchula mtengo monga wafunira.

Aaron Montgomery Ward adayamba ku Chicago mu 1872 ndi pepala limodzi lokha lotchula zinthu 163. Chaka chotsatira nyuzipepala ya Chicago Tribune idachenjeza anthu kuti malondawo ndi achinyengo, ndipo ngakhale idabweza mawu ake itafufuza, Ward adaona poyera kuti funso lalikulu la wogula wakutali ndi lakuti, kodi munthu uyu sandidyera masuku pamutu? Yankho lake lidadza mu 1875, pamene adalonjeza kubweza ndalama kwa aliyense wosakhutira ndi katundu.

Richard Sears, kalaliki wa pasiteshoni ya sitima ku Minnesota, amene adayamba ndi mawotchi mu 1886, adapitirira pamenepo. Podziwa kuti wotchi imabala madandaulo, adalemba ntchito Alvah Roebuck, mmisiri woikonza. Ndipo kampani yawo itakula, inkalola kuti katundu wina atumizidwe kusiteshoni, wogula amuone bwino asanalipire. Buku lawo la malonda linkalimbikitsa anthu kulemba zofuna zawo m'chinenero chilichonse, osachita manyazi ndi kalembedwe, popeza ambiri anali alendo ochokera ku Germany, ku Sweden ndi kwina, ndipo ena sukulu adangoilawa. Kwa anthu akuda a kumwera kwa dzikolo, amene m'sitolo ankawaimika kumbuyo mpaka mzungu aliyense atathandizidwa, kalata idali mpumulo ndithu, chifukwa siinkaonetsa khungu la woilemba.

Tsono makalatawo adasefukira, ndipo sadali onse oitanitsa katundu. Mlimi ankalongosola dothi la m'munda mwake nafunsa khasu la ng'ombe loyenera. Mayi ankafuna kudziwa ngati chitofu chakuti chingayake ndi nkhuni kapena malasha. Ndipo kuyambira 1908, pamene kampani ya Sears idayamba kugulitsa nyumba zathunthu, matabwa ndi misomali yomwe zikudza pa sitima, mafunso adafika pa maziko, denga ndi ngongole. Safunsa adadya phula, ndipo alimi aja sadafune kudya phula. M'zipinda zazikulu za ku Chicago mudakhala akalaliki ochuluka, ambiri a iwo akazi, amene ntchito yawo inali kuwerenga, kufunsa kwa odziwa katunduyo, ndi kuyankha mmodzimmodzi. Ine ndimawalemekeza anthu amenewa koposa eni chuma aja, ngakhale maina awo adaiwalika, pakuti kalaliki wofulumira kuvomera chilichonse kuti malonda ayende ankabweretsera kampani katundu wobwezedwa ndi mbiri yoipa m'mudzi wonse, pamene wodekha, wolimba mtima kunena kuti ichi sichikuyenerani, tengani icho, ndiye ankasunga banja la wogulayo kufikira ana ndi adzukulu.

Zotsatira zake zidayenda mothamanga. Mu 1967 kampani ya AT&T idayambitsa manambala a lamya oimba osalipira, ndipo mawu apakamwa adalanda malo a kalata; Sears idatseka buku lake lalikulu mu 1993, ndipo patangopita zaka ziwiri Jeff Bezos adatsegula Amazon nayamba kugulitsa mabuku pa intaneti. Zappos, yogulitsa nsapato, idatchuka chifukwa chosaikira antchito ake malire a nthawi yolankhula ndi wogula.

Lero mtolo uja wa akalaliki a ku Chicago wagwera munthu mmodzi ndi foni yake. Wogulitsa sola ku Lilongwe amalandira pa WhatsApp, kaya ndi usiku, funso lochokera ku Chitipa lakuti kodi batire ili lingayendetse firiji ndi mababu anayi kufikira m'mawa, ndipo wofunsayo satumiza kanthu pa Mpamba kapena Airtel Money asanaone chithunzi cha katunduyo ndi kuwerengetsa komveka.