Bwinja, Lendi ndi Nyumba Zokhoma

Pa wailesi ndi m'mapepala a boma timamva kawirikawiri za "vuto la kusowa kwa nyumba," ndipo mawuwa, ngakhale ali Chichewa chosalala, akubisa chimene aliyense woyenda m'midzi yozungulira Kasina amachiona ndi maso ake, ndicho nyumba za njerwa zowotcha ndi malata onyezimira, zomangidwa ndi thukuta la anyamata a ku Joni, zili chitsekere dzinja ndi chilimwe, pamene ku Mtandire ndi ku Mgona abale awo omwe apanikizana banja lonse m'chipinda chimodzi. Chosowa ndicho chimene sichioneka. Nyumbazi zilipo ndithu.

Ena okonda mawu achikale akuti tizizitcha mabwinja, koma ine ndikana. Bwinja ndi malo amene anthu adasamukapo osayembekeza kubwerera, nthaka n'kubwerera m'manja mwa mfumu. Ndipo makolo athu, amene ankagumula nyumba ya malemu, sadasiye dzina la nyumba yoima yopanda moto, pakuti kwa iwo nyumba sidali chuma chosunga: mkamwini ankamanga kwa apongozi podziwa kuti ukwati ukatha sadzasenza makoma, ndipo mnyamata akakula ankalowa m'gowelo wosalipira kanthu. Anthu akumudzi amangoti "nyumba ija njokhoma," ndipo akutiposa ife ophunzira, chifukwa chokhoma chili ndi wokhoma wake, amene makiyi ali m'thumba mwake. Komatu okhomawo sali ofanana. Wa ku Joni wakhoma chifukwa njala idamuthamangitsa kwawo; koma mwini nyumba zingapo ku Area 43, amene alola imodzi ikhale duu kudikira wolipira bwino, ali m'gulu la odziunjikira aja amene mneneri Yesaya adawadzudzula kalekale.

Tisaiwalenso kuti pa mneni womwewu timati "kukhoma msonkho," ndi kuti msonkho wa nyumba umene boma la Harry Johnston lidaika m'zaka za m'ma 1890 ndiwo udayamba kuwerenga nyumba zathu ngati ndalama, n'kutulutsa amuna kupita ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ulendo umene sudathe kufikira lero.

Pa mawu akuti lendi, landilodi ndi poloti ndiye ndisiyana kotheratu ndi ofuna kuyeretsa chinenero. Adayesapo kale atsamunda kuveka mchitidwe wachilendo dzina lathu: thangata lidali kuthandizana kulima pakati pa anansi, koma atalitenga eni esiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu kutchulira ntchito yogwira m'malo mwa lendi, lidasanduka goli limene lidakwiyitsa John Chilembwe mu 1915, ndipo ngakhale mchitidwewo udathetsedwa mu 1962, mawuwo sadachire. Tikamutcha landilodi "mwininyumba" timamuveka ulemu wa bambo wolandira alendo, chonsecho iye pa tsiku loyamba la mwezi sadziwa mlendo, ndipo wokhalamo amakumbutsidwa kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Lendi akhale lendi, chilendo chake chizimveka.

Kuyambira pamene Chichewa chidakwezedwa mu 1968, a Chichewa Board, ndi a Centre for Language Studies amene adalowa m'malo mwawo mu 1996, agwira ntchito yaikulu pa kalembedwe ndi mtanthauziramawu, ndipo sindiwachepsa. Koma bungwe la boma lomanga nyumba, lokhazikitsidwa mu 1964, likutchedwabe Malawi Housing Corporation, ndipo malamulo a malo a 2016, amene akuti mayi wa ku Kasina akhoza kulembetsa munda wa makolo ake, adakhazikitsidwa m'Chingerezi. Ntchito yofunika msanga ndiyo kumasulira malamulowo, ndi mapangano a lendi amene anthu amasaina osawamva, m'mawu amene alendi ndi mafumu akuwagwiritsa kale ntchito pa bwalo.