Munthu Amene Anatiphunzitsa Kuwerenga Zipsera za Dziko

Kalekale nyenyezi ya mchira ikaoneka kumwamba, anthu a mitundu yambiri ankagwidwa nthumanzi. Ankati ikulosera nkhondo, mliri kapena imfa ya mfumu. Akatswiri a zakuthambo atadziwa kuti chinthucho si nyenyezi yeniyeni koma chimulu cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi chimene chimazungulira dzuwa, mantha aja anasanduka nthabwala. Pofika m'ma 1950, ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti nkhope ya dziko lathuli imaumbidwa pang'onopang'ono ndi mvula, mphepo, mitsinje ndi mapiri ophulika, ndipo wonena za miyala ikuluikulu yogwa kuchokera kumwamba ankaoneka ngati wokamba nthano. Amene anasintha maganizo amenewa kuposa wina aliyense ndi Eugene Shoemaker wa ku America, munthu amene anayamba ndi kutola miyala pansi n'kumalizira pa kusaka nyenyezi za mchira usiku.

Shoemaker anabadwa mu 1928 mumzinda wa Los Angeles. Atamaliza maphunziro a za miyala pa sukulu yaukachenjede ya Caltech, mu 1948 analowa ntchito m'bungwe la boma loona za nthaka ndi miyala, ndipo anatumizidwa kukasaka miyala ya yureniyamu ku Colorado ndi ku Utah. Ntchito imeneyi inamufikitsanso ku chipululu cha Nevada, kumene boma linkaphulitsa mabomba a nyukiliya poyesera. Anaunika maenje amene mabombawo anasiya, ndipo anaona kuti m'mphepete mwake nthaka inali yopindikira kunja, miyala imene inayenera kukhala pansi ili pamwamba.

Chithunzi chimenechi anali nacho m'maganizo pamene anakaima pamlomo pa chidzenje chachikulu cha ku Arizona, chotambalala kilomita imodzi ndi mamita 200, chakuya mamita pafupifupi 170. Chidzenjechi chinali ndi mbiri yake yomvetsa chisoni. Mu 1891 katswiri wolemekezeka wa za miyala, Grove Karl Gilbert, anagamula kuti chinachita kuphulika ndi nthunzi yochokera pansi pa nthaka, ndipo mawu a munthu wamkulu ngati iyeyo anali ovuta kuwatsutsa. Koma katswiri wina wa migodi, Daniel Barringer, anaumirira kuti chinakumbidwa ndi chimwala chachitsulo chochokera kumwamba. Anathera zaka zoposa 20 ndi chuma chambiri akuboola pansi pake, poganiza kuti chitsulocho chikadali pomwepo. Sanachipeze, ndipo anamwalira mu 1929. Lero tikudziwa kuti pa chiyambi cha chidzenjecho iye ankanena zoona. Chimene sanadziwe n'chakuti mwala wothamanga makilomita oposa 10 pa sekondi imodzi ukagunda pansi umaphulika, mbali yaikulu n'kusungunuka kapena kusanduka nthunzi.

Shoemaker anapeza ku Arizona kupindikira kwa nthaka kofanana ndi kuja kwa ku Nevada. Umboni wosatsutsika unadza mu 1960, pamene iye ndi mnzake Edward Chao anapeza m'chidzenjemo mwala wotchedwa coesite. Mwala umenewu umapangika mchenga ukafinyidwa ndi mphamvu yoposa imene phiri lophulika lingatulutse pamwamba pa nthaka. Posakhalitsa anaupezanso ku Germany, m'chigwa chozungulira cha Ries chotambalala makilomita 24, mmene muli tauni ya Nördlingen. Anthu a m'tauniyo anakhala akumangira nyumba zawo miyala imeneyi kwa zaka mazanamazana osadziwa kuti akukhala m'chipsera cha chinthu chogwa kumwamba. Kuchokera pamenepo akatswiri anakhala ndi njira yozindikirira zipsera zina. Chachikulu kwambiri mwa zodziwika chili ku Vredefort, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Johannesburg.

Koma mtima wa Shoemaker unali pa mwezi. Ankafuna kukhala katswiri woyamba wa za miyala kuponda kumeneko, kuti akatsimikize kuti maenje amene ali mbwee pankhope ya mwezi anakumbidwa ndi miyala yogwa. Mu 1963 madokotala anamupeza ndi matenda a Addison, ndipo khomo linatsekeka. Sitiona kuti anataya nthawi ndi kudandaula. Anakhazika nthambi yake ya kafukufuku ku Flagstaff, natenga amuna amene anasankhidwa kupita ku mwezi n'kumawayendetsa m'chidzenje chija cha ku Arizona, kuwaphunzitsa kuti mwala wofunika kutola ndi uti. Mu Disembala 1972, Harrison Schmitt, katswiri wa za miyala amene anagwirapo ntchito m'nthambi yomweyo, anayenda pa mwezi m'malo amene mphunzitsi wake ankawalakalaka.

Funso limene linatsala ndi limene likutikhudza ife tonse. Ngati mwezi uli ndi zipsera zochuluka chotero, dziko lapansi, limene lili nawo pafupi, silikanazemba. Kungoti mvula, nyanja ndi zomera zimafufuta zipsera zake. Nanga kugundako kunatha kale, kapena kukupitirira? Yankho silikanapezeka popanda kuwerenga miyala imene imadutsa pafupi ndi njira ya dziko lathu. Mu 1973 Shoemaker ndi Eleanor Helin anayamba kusaka miyala yotere pa phiri la Palomar ku California, ndi makina aang'ono oonera zakutali amene akatswiri ena sankawalabadira kwenikweni.

Apa ndi pamene mkazi wake Carolyn akulowa m'nkhaniyi, ndipo kumutchula mongodutsa kungakhale kumulakwira. Anakwatirana mu 1951. Iye sanaphunzire za zakuthambo. Analera ana atatu, ndipo anayamba ntchito imeneyi mu 1980 ali ndi zaka 51. Ankatenga mafilimu awiri ojambula mbali imodzimodzi ya thambo pa nthawi zosiyana pang'ono, n'kuwayang'ana pamodzi m'kachipangizo ka magalasi awiri. Nyenyezi zenizeni zinkaoneka zokhazikika, koma kanthu kamene kasuntha kankaoneka ngati kakuyandama pamwamba pa zinzake. Ndi ntchito yotopetsa maso, yofuna kuleza mtima kwa munthu wosankha mpunga. Mwa njira imeneyi Carolyn anapeza nyenyezi za mchira 32 ndi miyala ya mumlengalenga yoposa 500.

Chaka chomwecho cha 1980, Luis Alvarez, mwana wake Walter ndi anzawo awiri analengeza kuti ku Gubbio, ku Italy, apeza kamzere kopyapyala ka dongo kodzala ndi iridium, chitsulo chosowa pansi pano koma chopezeka kwambiri m'miyala ya kumwamba. Kamzereko kali pa malire enieni a nthawi imene zilombo zotchedwa dinosaur zinatha, zaka 66 miliyoni zapitazo. Amene tinaonapo mafupa a Malawisaurus ku Karonga tikudziwa mtundu wa zilombo zimene zikunenedwa, ngakhale kuti chimenecho chinakhala ndi moyo kale kwambiri tsokalo lisanagwe. A Alvarez anati chimwala chotambalala makilomita 10 chinagunda dziko, fumbi linaphimba dzuwa, zomera zinafota, ndipo mitundu itatu mwa inayi iliyonse ya zamoyo inatheratu. Akatswiri ambiri a mafupa akale anakana kwamtuwagalu. Mawerengero a Shoemaker ndiwo anapatsa ganizolo miyendo: poona kuchuluka kwa miyala yodutsa pafupi nafe, chimwala cha msinkhu umenewo chiyenera kugwa pafupifupi kamodzi pa zaka 100 miliyoni. Chidzenje chake, cha makilomita pafupifupi 180, chinadzatsimikizidwa mu 1991 ku Chicxulub, ku Mexico, chitakwiririka pansi pa nthaka ndi nyanja.

Tisamupange mneneri wosalakwa. Iye anali mmodzi wa amene ankaganiza kuti nthawi zina nyenyezi za mchira zimabwera mwaunyinji ngati dzombe, ndi kuti n'zimene zinachititsa kutha kwa zamoyo kangapo. Umboni wa ganizo limeneli ndi wochepa mpaka lero. Kutha kwa zamoyo koopsa kuposa konse, zaka 252 miliyoni zapitazo, akatswiri ambiri akukugwirizanitsa ndi chiphalaphala chimene chinasefukira ku Siberia.

Komabe palibe munthu anali ataonapo ndi maso chinthu chachikulu chikugunda pulaneti. Mu Malichi 1993, banjali pamodzi ndi mnzawo David Levy linali pa Palomar usiku wa mitambo. Posafuna kuwononga mafilimu abwino, anagwiritsa ntchito ena amene anali atawonongeka pang'ono ndi kuwala. Pa imodzi mwa mafilimuwo Carolyn anaona, pafupi ndi pulaneti ya Jupiter, chinthu chooneka ngati nyenyezi ya mchira yophwanyidwa. Zinadziwika kuti mu Julaye 1992 inadutsa pafupi kwambiri ndi Jupiter, mphamvu ya pulanetiyo n'kuiduladula m'zidutswa zoposa 20 zondondozana ngati mikanda. Mawerengero anasonyeza kuti zidutswazo zikubwerera kukagunda. Ena ankati sipadzaoneka kanthu. Kuyambira pa 16 mpaka pa 22 Julaye 1994, zidutswa za Shoemaker-Levy 9 zinagwera pa Jupiter pa liwiro la makilomita 60 pa sekondi, ndipo zina zinasiya mabala akuda aakulu ngati dziko lathu lonse, ooneka ngakhale ndi makina aang'ono a anthu wamba.

Zitatha izi, nkhani ya miyala yogwa inaleka kusekedwa m'nyumba za malamulo. Mu 1998 bungwe la NASA linapatsidwa ntchito yopeza 90 mwa 100 iliyonse ya miyala yoposa kilomita imodzi imene imadutsa pafupi ndi dziko. Mu Seputembala 2022, chombo chotchedwa DART chinagunda dala mwala wa Dimorphos n'kusintha kayendedwe kake, poyesa ngati tingathe kupatutsa mwala umene ukutilunjika.

Shoemaker sanazione zimenezi. Chaka ndi chaka iye ndi Carolyn ankapita ku chipululu cha Australia kukafufuza zipsera zakale, ndipo pa 18 Julaye 1997 galimoto yawo inawombana ndi ina pa msewu wafumbi wa Tanami, kumpoto chakumadzulo kwa Alice Springs. Iye anafera pomwepo ali ndi zaka 69. Carolyn anavulala kwambiri koma anachira, nakhala ndi moyo mpaka 2021. Pang'ono pa phulusa la thupi lake panaikidwa m'chombo cha Lunar Prospector, chimene pa 31 Julaye 1999 chinagwetsedwa dala m'chidzenje china pafupi ndi nsonga ya kummwera ya mwezi. Pa kachitsulo kokutira phulusalo panali zithunzi ziwiri: chidzenje chija cha ku Arizona, ndi Hale-Bopp, nyenyezi ya mchira yomaliza imene iye ndi mkazi wake anaiona limodzi.