Interrupt si chisokonezo

Ophunzira za makompyuta akamafotokozerana m'Chichewa, ambiri amati interrupt ndi "chisokonezo". Mawuwa amawasocheretsa. Chisokonezo n'cholakwika chofunika kuchithetsa, pomwe interrupt ndi njira yoikika imene chipangizo chimaitanira purosesa: wina wadina batani pa kiyibodi, kapena uthenga wafika pa serial port, ndiye purosesa iyambe yasiya zimene ikuchita. Ine ndimakonda "kudukiza", chifukwa wodukizidwa akamva zimene wamuitanira amapitiriza pamene analekezera.

Kuipa kwa "chisokonezo" kumaonekera bwino kompyuta ikamagona. Linux ikamalowa mu suspend, kernel imatseka ma interrupt a zipangizo, koma amene driver yawasankha ndi enable_irq_wake() amatsala ali tcheru kuti adzutse makinawo. Wophunzira wozolowera "chisokonezo" amafunsa kuti, nanga tisiyirenji dala chisokonezo usiku wonse? Funso labwino, lochokera ku mawu olakwika.

Apa Chichewa sichivutika. Kompyuta imadzuka, chipangizo chimadzutsa. Kernel imasiyanitsanso device_can_wakeup() ndi device_may_wakeup(), zimene ophunzira amaziphatikiza, pomwe ife timati china "chimatha kudzutsa", china "chaloledwa kudzutsa". Kutha kumachokera ku mapangidwe a chipangizo. Pa mabodi a ARM kawirikawiri kumalembedwa mu device tree ndi mawu akuti wakeup-source. Chilolezo chili m'manja mwa mwini kompyuta, amene amalemba enabled kapena disabled mu fayilo ya power/wakeup pansi pa /sys/devices. Mausi ya USB ikamadzutsa laputopu munthu akangogunda tebulo, sikuti yawonongeka. Inaloledwa basi.

Koma kukonda mawu athu kukhale ndi malire. Ndaonapo port italembedwa kuti "doko", ngati kuti sitima ya Ilala ikocheza pa laputopu. Okonza mafoni pamsika amati poti, ndipo aliyense amamva. Mayina a zinthu tibwereke. Zochita, monga kugona, kudzutsa, kudukiza ndi kulola, tinene m'chinenero chathu.

Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ikhoza kulemba mawu otere. Chovuta n'choti mu 2014 boma linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, choncho palibe kalasi ya makompyuta imene mawuwo angayesedwemo. Amene akuwayesa ndi amakanika a mafoni ndi ophunzira pa WhatsApp, ndipo ndi kwa iwowo kumene olemba mtanthauziramawu ayenera kukatchera khutu asanapange "doko" lina.