Za Ndege Imene Inagwa ku Chikangawa

Ife a kuno ku cigwa ca Shire tidziwa dzuwa, udzudzu ndi madzi osefukira, koma nkhungu ya kumapiri tiidziwa pang'ono. Iwo okha amene anakwerapo mtunda wocokera ku Chikwawa kunka ku Blantyre m'nyengo ya ciperoni adziwa umo njira izimirira, mpaka munthu saona mtengo uli pafupi naye. Owerenga akumbukire nkhungu yotereyo pakumva mbiri iyi.

Tsiku Lolemba, pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikari a Malawi, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa. M'menemo munali anthu 9: asilikari 3 oiyendetsa ndi kuisamala, ndi apaulendo 6. Wamkuru mwa iwo anali a Saulos Chilima, waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a zaka 51. Munalinso Mai Shanil Dzimbiri, amene kale anali akazi a a Bakili Muluzi. Analinkunka ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay, nati akatere pa Mzuzu.

Koma mapiri a Viphya anali atapfunda mitambo, ndipo ndegeyo siinafika. Asilikari, apolisi ndi anthu ena anaifuna madzulo ndi usiku m'nkhalango ya Chikangawa, m'nkhungu ndi m'cisanu, naipeza Laciwiri itasweka paphiri, wopanda mmodzi wamoyo. Opita kukalira mnzao anasanduka oliridwa. A Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analamula masiku 21 a cisoni. Ndipo a Chilima anaikidwa kwao ku Nsipe, m'dziko la Ntcheu, pa 17 Juni.

Pamenepo kunabuka manong'onong'o ambiri, pakuti imfa ya munthu wamkuru siikhala yopanda mafunso. Ena anati pali dzanja la munthu. Boma linaitana akatswiri a ku Germany, ndiponso linaika bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Jabbar Alide. Bungwelo, m'mwezi wa Disembala 2024, linati silinapeza umboni wa ciwembu. A ku Germany, m'caka ca 2025, anati oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi, nalowa m'nkhungu mosaona kanthu, mpaka anagunda mtunda. Anaonanso kuti ndegeyo inalibe cojambulira mau a oyendetsa, ndi kuti batire ya cipangizo coitana opulumutsa ndege ikagwa inatha nthawi yace m'caka ca 2004.

Taonani, abale, zaka 20 zinapita popanda wosintha kanthu kakang'ono kotere! Mwini bwato pa dooko la Shire adziwa kuti kabowo kosamatidwa m'cilimwe kadzamfunsa m'dzinja. Adziwanso kubvuta kwace kwa kuuza mfumu imene ili ndi cangu kuti, Lero madzi akana, tibwerere. Koma akulu anati kuthamanga si kufika.

Mitima ya ambiri siinakhazikike, ndipo cisoni cao sitinganyoze. Koma zimene zinadziwika zikwanira kutilangiza. Tisamale zipangizo zimene anthu aikapo miyoyo yao, ngakhale bwato, ngakhale galimoto. Ndipo woyendetsa akati tibwerere, tisamuyese wamantha.