Rick Nelson ndi Chimbale cha Garden Party

Mu 1958, Ricky Nelson ali ndi zaka 18, nyimbo yake ya Poor Little Fool inakhala yoyamba kufika pa nambala 1 pamndandanda watsopano wa Billboard Hot 100. Pomatha zaka khumi, magulu a ku Britain monga The Beatles anali atalanda msika, dzina la Nelson litazilala.

Mu 1969 Nelson anakhazikitsa gulu la Stone Canyon Band, n'kuyamba kusakaniza rock ndi country. Gitala ya steel ankaimba Tom Brumley, yemwe anachokera m'gulu la Buck Owens, pomwe bass inali m'manja mwa Randy Meisner, amene pambuyo pake anathandiza kuyambitsa gulu la Eagles.

Koma anthu ankafuna Ricky wawo wakale uja. Pa 15 Okutobala 1971, pachoimba cha nyimbo zamakedzana ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, anatulukira ndi tsitsi lalitali n'kuimba nyimbo ya Rolling Stones. Kunamveka mkuwizo (ena amati anthuwo ankakuwiza apolisi), iye n'kuchoka pasiteji.

Manyazi amenewo anawapekera nyimbo, Garden Party, yomwe mu 1972 inafika pa nambala 6 ndi kugulidwa makope oposa miliyoni imodzi. Chimbale cha dzina lomwelo chinathera pa nambala 32. Kunena zoona, ogula anakopeka ndi nkhaniyo kuposa kaimbidwe katsopanoko, chifukwa chimbale chotsatira, Windfall cha mu 1974, chinangofika pa nambala 190, pamene Eagles inkadzaza maholo ndi mtundu womwewo wa nyimbo.