Belu la ku Cromford: mmene ntchito inachokera pakhomo

M'mudzi wa Cromford, m'chigawo cha Derbyshire ku England, muli kamsewu kotchedwa North Street. Nyumba zake n'zamiyala, zosanjikizana katatu, ndipo anazimangitsa cha m'ma 1776 ndi Richard Arkwright, mwini fakitale yopota ulusi wa thonje imene inatsegulidwa m'mudzimo mu 1771. Chipinda chapamwamba chinali ndi mawindo aakulu kuti bambo wa pakhomopo aziona bwino poomba nsalu. Belu likalira, mkazi wake ndi ana ankatsetserekera ku fakitale, kumene makina oyendera madzi ankazungulira usana ndi usiku. Pansi pa denga limodzi pankagona anthu a nyengo ziwiri: bambo akugwirabe ntchito monga ankachitira makolo ake, banja lake litalowa kale m'moyo wa belu ndi chipata.

Fakitale zisanabwere, nsalu za ku England zinkapangidwa m'makomo. Wamalonda ankasiya ubweya wa nkhosa pakhomo, ana n'kuupesa, mayi n'kuupota, bambo n'kuuomba, ndipo wamalonda uja ankabwera kudzatenga nsalu n'kulipira molingana ndi kuchuluka kwake. Mnyamata wophunzira luso ankadya ndi kugona m'nyumba ya mphunzitsi wake kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Tisanamizane kuti unali moyo wa mwanaalirenji. Ana ankayamba ntchito adakali aang'ono, ndipo malonda akagwa banja lonse linkagona ndi njala tsiku limodzi. Komabe pakhomo pankadzaza anthu kuyambira m'bandakucha, ndipo mwana sankachita kufunsa kuti bambo ake amagwira ntchito yanji, popeza ankaiona ndi maso.

Ofesi nayo inakula m'zaka zomwezo, chifukwa maufumu ndi makampani a malonda a kutsidya kwa nyanja ankafuna khamu la alembi. Ku London, mumsewu wa Leadenhall, kunali likulu la East India Company, kampani imene inkalamulira mbali yaikulu ya India kudzera m'makalata ndi mabuku a ndalama. Mmodzi wa makalaliki ake anali Charles Lamb, mlembi wa nkhani wodziwika, amene anakhala pa desiki kumeneko zaka 33, kuchokera mu 1792 mpaka 1825. M'makalata opita kwa anzake ankadandaula kosalekeza za ukapolo wa desikiyo. Atapuma pa ntchito analemba nkhani yotchedwa The Superannuated Man, ndipo chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyo si chisangalalo cha masiku oyamba ayi. Munthu wa m'nkhaniyo, atasowa chochita ndi nthawi yake, abwerera kukachezera anzake a ku ofesi, n'kupeza kuti desiki yake, ngakhalenso pamene ankakoleka chipewa, zapatsidwa kwa wina. Malo amene ankawatemberera ndi omwewo amene anamupatsa anthu oseka nawo.

Ofesi ndi fakitale zinalanda kholo m'manja mwa ana ake usana wonse, ndipo m'kupita kwa nthawi mawu akuti ntchito anayamba kutanthauza chokhacho chimene munthu amalipidwa kunja kwa nyumba, thukuta la mayi wotsala pakhomo osawerengedwa. Koma zinachitanso china chimene mudzi sunkatha kuchita: zinakhazika pa benchi limodzi anthu osiyana mabanja, zikhulupiriro ndi kochokera, n'kuwakakamiza kupirirana tsiku ndi tsiku. Maubwenzi ambiri, maukwati ndi mabungwe a anthu apantchito zinabadwira pamenepo. Kwathu kuno mawu akuti ofesi ndi kalaliki anabwera ndi atsamunda, ndipo mpaka lero mlimi, telala wa pakhonde ndi mayi wokazinga mandasi sanachokepo pakhomo. Mkangano umene tikuumva masiku ano ndi wa anthu a m'maofesi, amene pakati pathu ndi ochepa.

Ganizo lobwezera ntchito kunyumba linayamba kumveka mu 1973, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa ndi kukwera mtengo ku America. Jack Nilles, wofufuza wa ku University of Southern California, ataona mizere ya magalimoto ya mu Los Angeles, anafunsa chifukwa chake munthu ayenera kuyenda ulendo wautali kukagwira ntchito imene ingathe kumupeza kudzera pa lamya ndi kompyuta. Panapita zaka zambiri ganizoli likungoyesedwa apa ndi apo. Kampani ya Yahoo inaitanitsa antchito ake kuti abwerere ku ofesi mu 2013, IBM inachitanso chimodzimodzi mu 2017, mpaka mliri wa Covid-19 unadzatseka maofesi a m'mayiko ambiri mu March 2020 popanda kufunsa maganizo a bwana aliyense.

Mliriwo usanafike, kampani ya zamaulendo ya ku Shanghai yotchedwa Ctrip inali itayesa kale nkhaniyi mwadongosolo, mothandizana ndi Nicholas Bloom wa ku Stanford University. Kwa miyezi isanu ndi inayi, antchito ena oyankha mafoni ankagwirira kunyumba masiku anayi pa sabata, anzawo ali ku ofesi. A kunyumba anaposa anzawo ndi 13 peresenti pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo osiya ntchito anachepa. Koma atapatsidwa ufulu wosankha, pafupifupi theka la iwo anabwerera ku ofesi, ambiri akudandaula za kusungulumwa. Kunapezekanso kuti wosaoneka pamaso pa bwana sankakwezedwa msanga pa udindo. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo achinyamata a ku Shanghai aja anazitulukira okha.

Ambiri amanena kuti wogwirira ntchito kunyumba wabwerera ku moyo wa makolo. Ine ndikukayika. Nyumba ya woomba nsalu wakale inali ndi ana opesa ubweya, mnyamata wophunzira luso ndi wamalonda wogogoda pachitseko. Wa pa kompyuta lero amafanana kwambiri ndi bambo uja wa ku North Street: ali m'chipinda chapamwamba pafupi ndi windo, ana apita ku sukulu, mkazi wake wapita kumene belu lamuitanira, ndipo palibe mnyamata woima pambali pake kuonerera mmene manja ake akuyendera.